PHUNZIRO 6: KHUNGU LA MWANA WAMKAZI NDI LILIME LA PAKHOMO



Chaka chilichonse mwezi uno ukafika, pamakhala mafunso amene amabwerabwera kwa mashehe ndi kwa amwalimu a m'madrasa. Kodi jakisoni amamasula swaumu? Nanga munthu akameza malovu? Nanga msodzi amene wagwera m'madzi n'kumwa mosafuna? Pakati pa mafunso amenewa pali limodzi limene limafika mwamanyazi, kawirikawiri kudzera mwa mwana wotumidwa: "Achemwali akuti ndifunse, kodi kudzola mafuta oyeretsa masana kumaononga swaumu?"

Yankho lake nlalifupi. Mafuta odzola pakhungu samasula swaumu, pakuti si chakudya ndipo si chakumwa. Koma tikangoyankha chomwecho n'kutseka buku, ndiye kuti mwana uja tamsiya panjira. Funso lenileni nlakuti: kodi adamuuza ndani kuti khungu limene Allah adampatsa lifunika kukonza? Ena adzati nkhani yotere ndi ya amayi okhaokha, yoyenera anankungwi kuseri, osati kabuku ka Ramadhani. Ife tikuti ayi. Abambo awerenge, anyamata awerenge, pakuti nawonso dzanja lawo lilimo.

Pitani pamsika wa ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota m'masiku khumi otsiriza a mwezi uno. Matelala sagona, makina ali kulira usiku wonse kusoka za Idi, ndipo izi nzokondweretsa. Koma imani pang'ono pafupi ndi benchi la wogulitsa zodzola. Mudzaona timabotolo ndi timachubu tojambulidwa karoti, ndimu kapena papaya, pambali pake nkhope ya mkazi woyera mbee imene sitidaionepo m'mudzi mwathu. Mudzaonanso msungwana wa zaka 15 kapena 16, milomo itauma ndi swaumu, ali kumasula mfundo ya chitenje kutulutsa ndalama imene waipeza poyanika usipa pathandala mlungu wathunthu. Akufuna kuti pofika tsiku la Idi akhale atawalako.

Kumene zimayambira

Mwana sabadwa akudziwa kuti ndi wakuda kapena woyera, wonenepa kapena woonda. Amamva kwa ife. Ndipo nthawi zambiri samva kwa adani, amamva pamphasa ya futari, kwa anthu amene amamkonda.

Abwera azakhali kudzacheza, ana awiri a mimba imodzi agwada kupereka moni. Azakhali agwira chibwano cha wamkulu: "Eee, uyu ndiye mzungu wathu, sadzachedwa pakhomo pano." Atembenukira kwa wamng'ono: "Nanga uyu kaya adatengera ndani, ukadakhala usiku sitikadamuona." Onse aseka, phala la mpunga ligawidwa, nkhani yatha. Kwa akulu yathadi. Mwana uja ndiye apita nayo kukagona, adzuka nayo pa daku, ndipo patapita zaka zisanu ndi yemweyo amene tampeza pabenchi paja.

Maina ndiye osanena. Wina timamuti Makala, wina Kabango chifukwa cha kuonda, wina Chimtsuko chifukwa cha thupi, mpaka dzina limene adampatsa bambo wake tsiku lachisanu ndi chiwiri liiwalika. Ndipo chifikire matenda a Edzi m'dziko muno mu 1985, kuonda kudasanduka mlandu: msungwana akangotsika thupi pang'ono, kudooko anthu ayamba kunong'onezana. Akanenepa, ena ati watenga pakati. Kodi mwanayu aime pati?

Qur'an yolemekezeka sidaisiye nkhani imeneyi kuti aliyense adziweruzire. Mu Surah Al-Hujurat, ndime 11, Allah akuletsa amuna kuseka amuna anzawo, kenaka akutchula akazi paokha kuti nawonso asaseke akazi anzawo, chifukwa mwina wosekedwayo ndiye wabwino koposa pamaso pa Iye. M'ndime yomweyo akuletsa kunyozana ndi kuitanana maina oipa. Onani bwino: palibe pamene padalembedwa kuti lamuloli lichoka ngati wosekedwayo ndi mwana wako, kapena ngati mumangocheza.

Pali nkhani imene adaisunga Imam Abu Dawud ndi Imam Tirmidhi, imene mayi aliyense ayenera kuidziwa. Tsiku lina mayi Aisha (R.A.) adalankhula kwa Mtumiki (S.A.W.) za mkazi mnzawo, mayi Safiyya (R.A.), ndipo chimene amatanthauza nchakuti Safiyya ndi wamfupi. Basi. Sadamnamizire kanthu, sadamtukwane, pakuti adalidi wamfupi. Koma Mtumiki (S.A.W.) adawauza kuti mau amene anenawo, atati asakanizidwe ndi madzi a m'nyanja yaikulu, akhoza kuwasintha madzi onsewo. Ife a kunyanja tiyenera kumva fanizoli kuposa wina aliyense. Nyanja yathuyi kutalika kwake ndi makilomita oposa 500, kuchokera kumtunda kwa Karonga mpaka ku Mangochi. Timachapamo, timatsukamo, mitsinje imathiramo matope a dzinja lonse, koma m'mawa mwake tipeza ili mbee. Tsono ganizani liu limodzi lokha, la msinkhu wa munthu, lokhala ndi ululu wokwanira kuipitsa madzi ochuluka koposa amenewa. Ngati mayi wa okhulupirira adadzudzulidwa pa liu limodzi, nanga ife amene timanena khumi tisanamalize mbale ya futari?

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza swaumu yathu. Mu Sahih Bukhari timaphunzira kuti munthu amene saleka mau achabe ndi kuwachita, Allah alibe nayo ntchito njala yake ndi ludzu lake. Motero nkutheka kuti mwana amene wafunsa za mafuta uja swaumu yake ili bwinobwino, pamene ya azakhali amene adamtumiza kumsikako ndi lilime lawo ndiyo yabooka ngati bwato lakale.

Amuna asaganize kuti izi nza akazi okha. Abdullah ibn Mas'ud (R.A.) adali ndi miyendo yoonda zedi. Tsiku lina adakwera mumtengo kukathyola mswachi, mphepo idamgwedeza, ndipo maswahaba ataona timiyendo take adaseka. Mtumiki (S.A.W.) adafunsa chimene ali kuseka, ndipo atamva adawauza kuti miyendo imeneyo pa sikelo ya tsiku lachiweruzo idzalemera kuposa phiri la Uhud. Nkhaniyi ili mu Musnad ya Imam Ahmad. Munthu wosekedwayo ndi yemwe adali mmodzi mwa odziwa Qur'an koposa pakati pawo.

Sitikunena kuti pakhomo pasakhale nthabwala. Mtumiki (S.A.W.) naye amaseka ndi banja lake. Koma muziyang'ana nkhope ya amene mwamchitira nthabwalayo. Ngati akuseka ndi mano okha, maso ali pansi, lekani.

Zimene zili m'botolo

Surah Ar-Rum, ndime 22, imaika kusiyana kwa zilankhulo zathu ndi kwa maonekedwe a khungu lathu pamzere umodzi ndi kulengedwa kwa thambo ndi nthaka, kuti zonsezi ndi zizindikiro za Allah. Surah At-Tin, ndime 4, imatiuza kuti munthu adalengedwa m'kalengedwe kabwino koposa. Tsono tiyeni tione chizindikiro chimenechi mmene chimagwirira ntchito.

M'khungu la munthu muli kanthu kamene madokotala amakatcha melanin. Ndiko kamene kamadetsa khungu, ndipo ntchito yake ndi kutchinga ukali wa dzuwa kuti usaononge za m'kati. Abale athu achialubino, amene matupi awo sapanga melanin wokwanira, ndiwo mboni zathu: dzuwa lomweli limawatulutsa zilonda, ndipo ambiri amadwala khansa ya pakhungu akasowa chipewa, zovala zotalika ndi mafuta otchinga dzuwa. Tsono msungwana wa kunyanja, amene amatandala pamchenga wamoto kuchapa, kutsuka mbale ndi kutembenuza nsomba, akamachotsa melanin wake ali ngati munthu amene ali kusasula denga la nyumba yake m'mwezi wa Okutobala.

Mafuta oyeretsa ambiri amagwira ntchito ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga melanin. Miyezi yoyamba munthu amawaladi, anzake n'kumamfunsa chimene ali kudzola. Koma akapitiriza, makamaka ngati amakhala padzuwa, m'masaya ndi pamphumi mumayamba mawanga akuda bii, okhakhala, oposa kuda kumene amathawa kuja, ndipo mawanga amenewa ngovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku Pretoria adalemba za matendawa mu 1975 ataona amayi ambiri oonongeka nkhope, ndipo mu 1990 dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'mafuta odzikongoletsera. Amayi athu amene adali asungwana m'masiku a Ambi akudziwa kuti chilakolako chimenechi sichidayambe lero. Maiko ena adatsatira pambuyo, monga Ivory Coast mu 2015 ndi Rwanda mu 2018.

Chachiwiri ndi mankhwala a mtundu wa steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, amene nthawi zambiri amakhala m'timachubu. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, opangidwira matenda ena a pakhungu, oyenera kupakidwa pamalo ochepa kwa masiku owerengeka. Munthu akamapaka thupi lonse mwezi ndi mwezi, khungu limapyapyala ngati pepala, mitsempha imaonekera, pamatuluka mizere yosachoka, ziphuphu ndi zipere zosamva mankhwala. Chilonda chimachedwa kupola, ndipo izi nzoopsa kwa mayi amene tsiku lina adzafunika opareshoni pobereka. Mankhwalawa amalowanso m'magazi n'kuyambitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chachitatu ndi mekyule, timadzi tasiliva tija timene timaoneka m'kachipangizo kakale koyezera kutentha kwa thupi. Ameneyu amapezeka m'mafuta ena ndi m'sopo zina. Amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amadutsa kukafika kwa mwana amene ali m'mimba, amalowanso m'mkaka wa m'mawere. Ngakhale khanda limene limangokhudza khungu la mayi wake ndi kufunda naye nsalu imodzi likhoza kumtenga. Dziko lapansi lidamdziwa bwino mekyule kudzera mwa asodzi ngati ife. Ku Minamata, m'dziko la Japan, fakitale ina imataya zonyansa zake m'madzi, nsomba zidadya, anthu adadya nsombazo, ndipo mu 1956 kudadziwika matenda onjenjemera, olemala ndi akupha. Nchifukwa chake pangano la maiko lolimbana ndi mekyule, limene lidakhazikitsidwa mu 2013, limatchedwa ndi dzina la mudzi umenewo.

Wina adzati, ine ndimawerenga kaye pabotolo. Dziwani kuti ambiri salemba zoona, ndipo ena amachita kusakaniza okha kunyumba n'kuthira m'botolo lopanda dzina. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Karoti wojambulidwa panjayo sayeretsa munthu.

Tsono maulama ambiri akaona zonsezi amaletsa kudziyeretsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Surah An-Nisa, ndime 119, imatichenjeza kuti imodzi mwa ntchito zimene Satana adalonjeza ndi kulamula anthu kusintha chilengedwe cha Allah. Chachiwiri, lamulo lodziwika la Chisilamu nlakuti munthu asadzipweteke ndipo asapweteke mnzake. Thupi ndi chosungitsa, mwini wake adzafunsa. Koma tisasokoneze: kuchiza ziphuphu, chikanga, zipsera za moto kapena mawanga ndi mankhwala amene wakulemberani dokotala si kusintha chilengedwe, ndi kuchiza, ndipo kuchiza nkololedwa.

Pali chinthu china chimene ife Asilamu tiyenera kuvomera pakati pathu, ngakhale chikuwawa. Kulemekeza khungu loyera tidakutengera kwa atsamunda, inde, ndi kwa amalonda amene amapindula nako; mu 2020 ndi pamene opanga Fair & Lovely adasintha dzinalo kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula kuti likuphunzitsa zoti kukongola ndi kuyera. Koma tilinso ndi kathu kathu kobisika mumtima, koganiza kuti wofanana ndi Mwarabu ndiye Msilamu weniweni. Maganizo amenewa alibe tsinde m'dini. Pa Hajj yake yotsanzika, m'chaka cha 632, Mtumiki (S.A.W.) adalengeza poyera kuti Mwarabu saposa amene si Mwarabu, ndipo woyera saposa wakuda, koma ndi kuopa Allah basi.

Swaumu si mankhwala oondetsa

Za kulemera kwa thupi tikambe mwachidule. Masiku ano asungwana athu ali kukokedwa mbali ziwiri. Kumudzi akuti mkazi ndi thupi. Pafoni akuti mkazi ndi chiuno chaching'ono ngati cha mavu. Motero wina amalowa mwezi uno ali wokondwa kuti aonda, wina ali ndi nkhawa kuti pofika Idi diresi lidzamkhwepa.

Kwa woyambayo tikuti: ntchito iliyonse imayesedwa ndi niya yake, ndipo iyi ndi hadisi yoyamba mu Sahih Bukhari. Swaumu imamangidwa chifukwa cha Allah. Ngati thupi lapepuka panjira, palibe cholakwa, ngakhale kuti kawirikawiri kuondako nkochepa ndipo thupi limabwerera patapita milungu ingapo. Koma kudumpha daku mwadala, kumasula ndi madzi okha n'kukagona, kumeneko si kuopa Allah kopambana. Sunna ndi kudya daku ndi kufulumira kumasula dzuwa likalowa. Amayi, khalani maso. Ngati mwana ali kubisa chakudya, kapena amathamangira kuseri akangodya, mufunseni mofatsa. Kudzisanzitsa mwadala masana kumaononga swaumu ndipo tsikulo liyenera kubwezedwa. Koma choposa apo, chizolowezi chimenechi ndi matenda odziwika, ndipo ofunika kuchipatala, osati chikoti.

Kwa wachiwiriyo, amene amagula mapiritsi kapena mankhwala amadzi onenepetsa: ambiri mwa amenewa ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amabweretsa njala ndi tulo, kapena dexamethasone, amene ndi steroid wakumwa. Ameneyu amatupitsa nkhope ndi mimba, pamene miyendo ndi manja zili kufooka. Amafewetsa mafupa, amakweza shuga, amachepetsa chitetezo cha thupi. Palibe piritsi limene limadziwa njira ya kumatako lokha. Ogulitsa amanama.

Titchulenso manyazi ena amene timawaona mwezi uno. Msungwana akakhala kumwezi, Allah adampumitsa: samanga ndipo saswali, masiku a swaumu adzabweza pambuyo, koma swala sabweza. Komabe m'nyumba zambiri mwana amadzuka pa daku n'kukhala ndi njala tsiku lonse kuopa kuti alongo ake angamuseke. Ameneyu ali kuphunzira kuti thupi lake nlochititsa manyazi. Mayi amsungire chakudya chake adye mwaulemu, ndipo mnyamata amene afunse zachibwana, bambo wake amuyankhe.

Kodi tsono asadzikongoletse?

Ayi, abale, tisapitirire malire. Pali makolo ena amene akamva phunziro lotere amakathyola kalilole ndi kulanda mafuta onse. Zimenezo si zimene tanena. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya munthu amene adafunsa ngati kukonda chovala chabwino ndi nsapato zabwino nkudzikweza, ndipo Mtumiki (S.A.W.) adamuyankha kuti ayi, Allah amakonda zokongola, kudzikweza ndi kukana choonadi ndi kupeputsa anthu. Msungwana asambe, atsuke mano ndi mswachi, aluke tsitsi lake, adzole mafuta wamba kuti khungu lisatuwe ndi mwera, apake hina m'manja, avale nsalu yake yatsopano pa Idi, m'malire amene dini idaika a kubisa thupi. Angokumbukira kuti penti wa zikhadabo, amene timamuti kyuteksi, amatchinga madzi, kotero udhu sutheka mpaka amchotse. Hina alibe vuto limeneli, pakuti amasiya mtundu wokha. Mafuta onunkhira asadzole popita kumzikiti ku tarawehe.

Kusiyana kwake nkwakuti wina amasamala chimene adapatsidwa, wina ali kuchithawa. Ndipo mtima umadziwa wokha mbali imene uli.

Za foni tinene pang'ono, popeza tsopano ili m'nyumba iliyonse, ina yotumizidwa ndi achimwene a ku Joni. Nkhope zimene ana athu amaziona pa Facebook ndi pa TikTok zambiri nzokonzedwa. M'foni momwemo muli kabatani koyeretsa khungu, kochepetsa mphuno ndi kokulitsa maso. Mwini chithunziyo mutakumana naye pachigayo simungamzindikire. Tsono mwana ali kudziyerekeza ndi munthu amene kulibe, ndipo mpikisano wotero sangaupambane. Mwezi uno timasala zinthu zololedwa monga madzi ndi nsima. Sichingakhale chachilendo kuti banja ligwirizane zoti kuyambira pa futari mpaka itatha tarawehe mafoni onse, ndi ya bambo yomwe, akhale m'dengu.

Kwa abambo ndi anyamata

Msungwana sadzola mafuta aululu chifukwa chopusa. Ali ndi maso. Amaona amene amaitanidwa kutsogolo pa chikwati, amamva zimene anyamata amakamba pagombe posoka maukonde, amamva mlongo wake akuuza amalume kuti amfunire mkazi "wowalako". Kenaka anyamata omwewo, mafuta aja akamuononga, ndi amene amayamba kuimba zoti nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Adamkankhira m'madzi ndi iwo, omseka kuti wanyowa ndi iwonso.

Mtumiki (S.A.W.) adatchula zinthu zinayi zimene amuna amayang'ana pokwatira: chuma, mtundu, kukongola ndi dini, ndipo adalangiza kusankha wa dini. Sadanene kuti kukongola nkoipa, ndipo mwamuna amaloledwa kuona amene akufuna kumkwatira. Koma palibe pamene adanena kuti kukongola ndi kuyera. Zimenezo tidaonjeza tokha.

Taonani amayi amene iye amawalemekeza. Umm Ayman (R.A.), dzina lake Baraka, adali wa ku Habasha, kumene lero timati Ethiopia, mkazi wakuda wa mu Africa muno. Ndiye amene adamlera Mtumiki (S.A.W.) kuyambira ukhanda, ndipo adali naye pamene mayi wake Amina adamwalira ku Abwa, iye ali ndi zaka 6. Adakwatiwa ndi Zayd ibn Haritha (R.A.), ndipo mwana wawo Usama (R.A.), wakudanso, adasankhidwa kutsogolera gulu lankhondo akadali mnyamata. Mtumiki (S.A.W.) atamwalira, Abu Bakr ndi Umar (R.A.) adanyamuka kukamuona mayiyu monga momwe iye amachitira. Padalinso mayi wina wakuda amene amasesa mumzikiti wa ku Madina. Atamwalira anthu adamuika osamuuza Mtumiki (S.A.W.), poganiza kuti si nkhani yaikulu. Iye ataona kuti mayiyo sakuoneka adafunsa, adawadzudzula, ndipo adapita kumanda kwake kukamswalira. Kodi ana athu aakazi adazimvapo nkhani zimenezi? Kapena kumadrasa timangowaphunzitsa zimene mkazi sayenera kuchita?

Bambo, mau anu ngolemera kuposa mmene mudziwira. Mwana wamkazi amene bambo wake adamuuzapo kuti "mwana wanga, waoneka bwino" tsiku la Idi, ndiponso amene amayamikidwa akawerenga bwino surah, akakhoza masamu, akawerengera bwino ndalama za nsomba, savuta kuima pamaso pa anthu. Amene sadamvepo zimenezi pakhomo adzapita kukazifuna kwa woyamba amene adzamuuze, ndipo woyambayo kawirikawiri si munthu wabwino. Mu Sahih Muslim timaphunzira kuti Allah sayang'ana maonekedwe athu ndi chuma chathu, koma mitima ndi ntchito zathu. Hadisi imeneyi ambiri timaidziwa pamtima. Mwana adzaikhulupirira akaona kuti bambo wakenso amayang'ana komweko.

Ngati wayamba kale

Tsono tinene kwa mayi amene, atawerenga izi, wakapeza kachubu pansi pa mphasa ya mwana wake. Musamuitanire anthu. Musamnyoze pamaso pa abale ake, pakuti kunyozedwa ndi kumene kudamfikitsa pamenepo. Dikirani itatha swala ya Isha, mukhale awiri, mumfunse kuti adayamba liti ndipo adamva chiyani chimene chidamuwawa. Mwina mudzamva mau anu omwe. Ngati ndi choncho, pepesani. Mwezi uno ndi wa kupempha chikhululuko, ndipo kholo kupepesa kwa mwana sikulichotsera ulemu.

Kenaka mupite naye kuchipatala, mutatenga botolo kapena kachubu komweko kuti adokotala aone. Izi nzofunika chifukwa amene wapaka steroid nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi, nkhope imafiira, imayabwa ndi kutuluka ziphuphu, ndipo ambiri amabwereranso pa chifukwa chimenechi. Amene wakhala akumwa dexamethasone ndiye asasiye yekha tsiku limodzi, pakuti thupi likhoza kufooka moopsa. Adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono. Ngati ali ndi pakati kapena ali kuyamwitsa, anene kusikelo mosabisa chimene wakhala akudzola. Mumchenjezeretu kuti khungu lidzada kaye, mwina kuposa kale, lisanabwerere mwakale, ndipo zimatenga miyezi. M'nthawi imeneyi apewe dzuwa la masana, atsitse mpango wake kuphimba mphumi ndi masaya akakhala kuthandala, ndipo a pakhomo onse auzidwe kuti pasapezeke wonenapo kanthu za nkhope yake.

Kwa inu alongo amene mumagulitsa mafutawa pamsika kuti ana adye, tikudziwa kuti malonda ngovuta. Koma funsani shehe wa kwanu za phindu lochokera pa chinthu chimene mwadziwa tsopano kuti chimapweteka wogula, musanaonkhetse katundu wina wa Idi.

Phunziro 7 lidzakamba za Zakaatul Fitr: muyeso wake, amene ayenera kupereka, ndi nthawi yoperekera isanafike swala ya Idi.